Apuritani a ku New England: zimene timamva ndi zimene analemba okha

Pali zithunzi ziwiri za Angerezi amene anakhazikika kugombe la kumpoto chakum'mawa kwa America m'zaka za m'ma 1600, ndipo ambiri tinazionapo m'mafilimu ndi m'mabuku a mbiri yakale. Choyamba n'cha anthu oopa Mulungu, ovala zakuda ndi zipewa zazitali, akudya nkhukundembo mwamtendere pamodzi ndi eni dziko. Chachiwiri n'cha anthu amasinya pankhope, odana ndi kuseka, amene ankawotcha mfiti pamoto. Zonse ziwiri zinajambulidwa ndi mibadwo ya pambuyo. Ena ankafuna makolo oti aziwanyadira, ena ankafuna makolo oti aziwanyogodola.

Mwayi wake, atsamunda amenewa ankakonda kulemba. Anasiya makalata, zigamulo za m'makhoti, mabuku a mpingo, ngakhalenso mindandanda ya katundu wa anthu omwalira. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho ndi bwino kumva kwa eni akewo. Zolemba zawozo zikusonyeza anthu amene m'nyumba zawo anali ofewa kuposa mmene timawaganizira, koma kunja kwa mpanda anali ouma mtima kuposa mmene timauzidwira.

"Ndiwo anali azungu oyamba kufika, ndipo anali gulu limodzi"

Sitima ya Mayflower inanyamuka ku Plymouth, m'dziko la England, mu Seputembala 1620 ndi anthu 102, ndipo inaona mtunda wa Cape Cod patatha masiku 66. Pofika nthawiyo anthu a ku Spain anali ku St. Augustine kuyambira 1565, Angerezi anzawo anali ku Jamestown kuyambira 1607, Afalansa anali ku Quebec kuyambira 1608. Ngakhale anthu a ku Africa anawatsogolera, pakuti mu 1619 ku Virginia kunatsitsidwa anthu obedwa kudera la Angola.

Timasakanizanso magulu awiri. Pakati pa anthu a mu Mayflower, amene lero amatchedwa Pilgrims, panali kampingo kochokera kumudzi wa Scrooby, kamene kanaona kuti Mpingo wa England sungakonzeke ndipo kanatulukamo. Apuritani amene anamanga Boston anabwera patatha zaka khumi, mu 1630, motsogozedwa ndi John Winthrop. Iwowa ankati mumpingomo sanatuluke, kungoti akufuna kuchotsamo miyambo ndi maudindo amene sankawapeza m'Baibulo. Magulu onsewa ankatsatira chiphunzitso cha John Calvin, chimene Apresbateria a kuno kwathu amachidziwa bwino, koma a ku Boston anali ochuluka, achuma ndiponso ophunzira kwambiri. Pofika 1640 Angerezi pafupifupi 20,000 anali atawolokera ku New England, pamene Plymouth ya ku America, kumene a mu Mayflower anakhazikika, inakhalabe kadera kakang'ono mpaka inaphatikizidwa ndi Massachusetts, dera la Boston, mu 1691.

Mu Mayflower momwemo, pafupifupi theka la anthu sanali a kampingo kaja. Munali antchito, amisiri, msilikali wolembedwa ganyu Myles Standish, ndi mabanja ongofuna pokhala ndi polima. Ulendo wonsewo unali wa ngongole. Amalonda a ku London anaikapo ndalama poyembekezera phindu, ndipo atsamundawo anabweza pang'onopang'ono, makamaka ndi zikopa za nyama, mpaka m'zaka za m'ma 1640.

"Anapita kukakhazikitsa ufulu wachipembedzo"

Apa pali mbali yoona. Ku England munthu wosapita kutchalitchi cha boma ankalipitsidwa chindapusa, ndipo osonkhana mobisa m'nyumba ankatha kumangidwa. Koma a ku Scrooby ufulu wopembedza anali ataupeza kale ku Holland, kumene anathawira mu 1608 n'kukhala mumzinda wa Leiden zaka zoposa khumi popanda wowaletsa. William Bradford, amene anakhala bwanamkubwa wa Plymouth zaka zambiri, analemba zimene zinawachotsako: ntchito yakalavulagaga, umphawi, ana amene anayamba kutengera makhalidwe a kumeneko, ndi mantha akuti nkhondo ya Holland ndi Spain iyambiranso.

Chimene ankafuna ndi malo oti amangepo mudzi wa Mulungu mmene iwo ankaumvera, popanda wowasokoneza. Ufuluwo unali wawo, sunali wa aliyense. Ku Massachusetts, kuyambira 1631, mwamuna amene sanali chiwalo cha mpingo sankaloledwa kusankha nawo atsogoleri a dziko. Mbusa Roger Williams ataphunzitsa kuti boma lisamalowerere pa chikumbumtima cha munthu, komanso kuti mfumu ya ku England inalibe mphamvu yogawa malo a eni ake, anamugamula mu 1635 kuti achoke. Anne Hutchinson, mzamba amene ankasonkhanitsa anthu kunyumba kwake kuti akambirane maulaliki, anazengedwa mlandu mu 1637, kenako anadulidwa mumpingo n'kupirikitsidwa. Anthu anayi a mpingo wa Quaker, mmodzi wa iwo mayi Mary Dyer, ananyongedwa ku Boston pakati pa 1659 ndi 1661 chifukwa chobwerera atawathamangitsa. Amene analamula kuti kunyongako kuthe anali Mfumu Charles II, wa kudziko lomwelo limene Apuritani anachokako podandaula za nkhanza.

Ufulu wopembedza wa munthu aliyense unamera pakati pa opirikitsidwawo. Williams anamanga Providence mu 1636, ndipo dera la Rhode Island linasanduka pothawira a Baptist, a Quaker ndi Ayuda.

"Anafika m'chipululu chopanda anthu"

Malo amene anawatcha Plymouth anali mudzi wa eni dziko a mtundu wa Wampanoag, wotchedwa Patuxet. Alendowo anapezapo minda yolambula kale, kamtsinje ka madzi abwino, ndi mafupa a anthu. Pakati pa 1616 ndi 1619 mliri, umene akatswiri amati unabwera ndi sitima za ku Ulaya, unasesa midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo ina inatheratu. Chimene chinkaoneka ngati chipululu chinali bwinja la anthu amene anafa posachedwa.

Asanafike n'komwe pa Patuxet, ali ku Cape Cod, ena mwa iwo anafukula chimanga chimene eni ake anachikwirira pansi posunga, n'kuchitenga, ndipo anafukulanso manda. Chimangacho ndicho chinakhala mbewu yawo yoyamba. Analipira eni ake a chimangacho patapita miyezi ingapo. Nyengo yozizira yoyamba inapha pafupifupi theka la anthu a m'sitimayo, ndipo mwa amayi 18 apabanja, amene anaona kukolola koyamba anali anayi okha.

Mu Malichi 1621 munthu wina dzina lake Samoset analowa m'mudzimo n'kuwalonjera m'Chingerezi chimene anatola kwa asodzi. Patapita masiku ochepa anabwera ndi Tisquantum, amene mabuku a ana amamutcha Squanto n'kumujambula ngati munthu wakutchire wachifundo. Tisquantum anali atayenda kuposa ambiri a iwo. Anabedwa mu 1614 ndi woyendetsa sitima Thomas Hunt, anatengeredwa ku Málaga m'dziko la Spain kuti akagulitsidwe, anakhalapo ku London, ndipo pobwerera mu 1619 anapeza kwawo ku Patuxet kulibe munthu. Iye ndiye anawaonetsa kubzala chimanga m'mitumbira atakwiriramo nsomba ngati manyowa. Eni dziko ankasakaniza chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi. Mlimi wa ku Dedza kapena ku Chipata akanauzindikira msanga munda wotere, pakuti mbewu zitatuzi kwawo kwenikweni ndi ku America. Mngerezi wozolowera kuwaza tirigu ndiye anali mlendo pa khasu limeneli.

Mwezi womwewo mfumu ya a Wampanoag, Massasoit, inapangana nawo za mtendere. Sikuti inangogwidwa chisoni. Mliri unali utafoola anthu ake koma unalambalala adani awo, a Narragansett, ndipo kagulu ka alendo okhala ndi mfuti kanali kothandiza. Ngati mfumuyo inkaganiza kuti mlendo ndi mame, mame amenewa sanakamuke.

"Thanksgiving yoyamba inali ngati ya masiku ano"

Za phwando la 1621 pali ndime imodzi yokha m'kalata ya Edward Winslow, ndi mizere ingapo ya Bradford yonena za zokolola. Winslow akuti atakolola, amuna anayi anapita kukasaka mbalame, anthu anasangalala, anawombera mfuti poyeserera, ndipo Massasoit anakhala nawo masiku atatu ndi amuna pafupifupi 90, amene anapha mbawala zisanu n'kubweretsa. Angerezi otsala anali pafupifupi 50. Ndiye kuti amene timawatcha alendo a paphwandopo anali ochuluka kuwirikiza pafupifupi kawiri, ndipo ndiwo yambiri anabwera nayo ndi iwo. Bradford amatchula nkhukundembo zakutchire pakati pa nyama za nyengoyo, koma palibe pamene analemba kuti zinadyedwa paphwandolo. Mbatata ya kachewere ndi makeke a maungu, zimene zimadyedwa lero, kunalibe. Mafoloko nawonso kunalibe, ankadya ndi mipeni, masipuni ndi manja.

Eni akewo sakanalitcha tsiku lothokoza Mulungu. Kwa iwo tsiku lotero linali la mapemphero ndi ulaliki, monga limene anachita mu 1623 mvula itagwa pambuyo pa ng'amba. Phwando lija linaiwalika zaka zambirimbiri, mpaka mu 1841 pamene Alexander Young, posindikizanso kalata ya Winslow, analitcha Thanksgiving yoyamba. Abraham Lincoln analengeza tsikuli m'dziko lonse mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, ndipo chilengezo chakecho sichinawatchule n'komwe a mu Mayflower.

Mwala wa Plymouth Rock, umene amati ndi pamene atsamundawo anaponda potsikira kumtunda ndipo alendo amapita kukauona, nkhani yake ndi yofanana. Palibe wa mu Mayflower amene analemba za mwalawo. Anauloza mu 1741 ndi mkulu wa mpingo Thomas Faunce, ali ndi zaka 94, ponena zimene anamva kwa akuluakulu ali mwana. Anthu poyesa kuusuntha mu 1774 unasweka pakati.

"Ankavala zakuda zokhazokha ndipo ankadana ndi chisangalalo"

Utoto wakuda wosasuluka unali wodula, choncho chovala chakuda chinali cha Lamlungu, cha akuluakulu ndi chojambulitsira. Masiku ena onse ankavala zofiirira, zobiriwira, zotuwa, zabuluu ndi zofiira. Pa katundu amene mkulu wa mpingo William Brewster anasiya pomwalira mu 1644 panali jasi la mtundu wa pepo ndi kapusi yofiira. Zitsulo zonyezimira zimene timaziona pazipewa zawo anawaveka ndi ojambula zithunzi a pambuyo. Malamulo a kavalidwe analipodi, koma ankalimbana ndi kudzionetsera. La 1651 linaletsa anthu a chuma chosakwana mapaundi 200 kuvala zokongoletsa zagolide ndi zasiliva. Anthu akanakhala kuti sankakonda kutchena, lamulo lotere silikanafunika.

Mowa ankamwa amuna ndi akazi omwe, ndipo wopanda ukali ankapatsako ndi ana. Kuchepa kwa mowa m'sitima ndi chimodzi mwa zimene iwo eni anazitchula kuti zinawafulumizitsa kusankha pokhala. Mbusa Increase Mather anaphunzitsa mu 1673 kuti chakumwa n'chochokera kwa Mulungu, koma kuledzera n'kwa Satana. Chidakwa ndiye chinkalipitsidwa kapena kuchititsidwa manyazi pabwalo.

Za m'banja ndiye zimadabwitsa ambiri. Ukwati ankamangitsa kwa woweruza milandu, osati kwa mbusa, chifukwa sankapeza m'Malemba kuti ndi ntchito ya mbusa. Kusudzulana kunkaloledwa pa zifukwa monga chigololo ndi kuthawidwa, pamene ku England munthu wamba sakanatha. Malamulo a Massachusetts a 1641 analetsa mwamuna kumenya mkazi wake. Mu 1640 mpingo wa ku Boston unadula James Mattock, ndipo umodzi wa milandu yake unali wakuti anamana mkazi wake za m'banja kwa zaka ziwiri. Anne Bradstreet, mayi wa ana asanu ndi atatu amene ndakatulo zake zinasindikizidwa ku London mu 1650, analembera mwamuna wake ndakatulo zachikondi zimene zimawerengedwabe.

Komabe mbiri yawo ya kuuma sinachokere pachabe. Sabata ankalisunga mokhwima, juga ndi zisudzo ankaziletsa, ndipo chigololo chilango chake cholembedwa chinali imfa, ngakhale kuti kawirikawiri ankangokwapula. Khirisimasi inaletsedwa ku Massachusetts kuyambira 1659 mpaka 1681, wopezeka akuichita ankalipira mashilingi asanu, chifukwa tsikulo sankalipeza m'Baibulo komanso ku England linali la uchidakwa.

"Anali mbuli zodana ndi nzeru, ndipo ankafa ali ndi zaka 30"

Munthu amene amakhulupirira kuti aliyense ayenera kudziwerengera yekha Baibulo sangapewe kumanga sukulu. Koleji ya Harvard inakhazikitsidwa mu 1636, Boston isanakwanitse zaka khumi. Lamulo la 1647 linkati tauni ya mabanja 50 ilembe mphunzitsi wa kuwerenga ndi kulemba. Mu 1721 nthomba itabuka ku Boston, mbusa Cotton Mather ndiye analimbikitsa kutemera anthu, nzeru imene anaimva kwa Onesimus, munthu wa ku Africa amene ankamusunga ngati kapolo. Dokotala Zabdiel Boylston anatemera anthu oposa 240 ndipo anamwalira 6 okha, pamene mwa odwala osatemeredwa ankafa pafupifupi mmodzi pa asanu ndi awiri alionse. Ambiri mumzindamo anakwiya nazo, mpaka wina anaponya bomba m'nyumba ya Mather.

Zaka zoyamba zovuta zitadutsa, New England inali ndi madzi abwino, chakudya chokwanira ndi midzi yosathithikana, moti munthu akapyola ubwana ankatha kufika zaka 60 kapena 70. John Alden wa mu Mayflower anamwalira mu 1687 atapitirira zaka 80. Chimene chimatsitsa chiwerengero cha zaka zimene ankakhala ndi moyo ndi imfa za ana. Mather yemweyo anabereka ana 15, koma pomwalira iye anasiya awiri okha amoyo.

"Ankawotcha mfiti ku Salem"

Ku Salem sanawotche munthu. Mu 1692 ananyonga anthu 19, akazi 14 ndi amuna asanu. Nkhalamba Giles Corey anaiphinja ndi miyala mpaka kufa chifukwa chokana kuyankha mlandu, ndipo ena anafera m'ndende. Kuwotcha kunkachitika ku Scotland ndi m'mayiko ena a ku Ulaya, kumene anthu masauzande ambiri anaphedwa pa milandu ya ufiti. Izi za ku Salem zinachitika patatha zaka 72 Mayflower itafika, ndipo m'dera la Plymouth simunaphedwepo munthu pa mlandu wotere.

Kuchotsa motowo sikuchepetsa kuipa kwake. Nkhani inayambira m'nyumba ya mbusa Samuel Parris, mwana wake wamkazi ndi m'bale wake wina wamng'ono atayamba kukomoka ndi kukuwa. M'mudzimo munali kale mikangano ya malo ndi ya malipiro a mbusa, munalinso anthu othawa nkhondo kumalire. Khoti linavomereza umboni wakuti munthu waona mzimu wa wakutiwakuti ukumuzunza, umboni umene woimbidwa mlandu sakanatha kuutsutsa. Ovomera n'kutchula anzawo ankapulumuka, okana ndiwo ankanyongedwa. Ndi mmene anafera Rebecca Nurse, agogo a zaka 71 odziwika ndi kupemphera, ndi George Burroughs, amene anali mbusa. Kwa ife amene timamva za okalamba kunenezedwa ufiti m'midzi yathu, kayendedwe ka nkhaniyi si kachilendo.

Chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti Apuritani omwewo ndiwo anaimitsa. Abusa ena anatsutsa umboni wa mizimu uja, ndipo bwanamkubwa William Phips anathetsa khotilo mu Okutobala 1692. Mu Januwale 1697 mmodzi wa oweruza, Samuel Sewall, anaimirira m'tchalitchi mbusa akuwerenga kalata yake yovomera kulakwa. Mu 1711 boma linapereka chipukuta misozi kwa mabanja a ena mwa ophedwawo.

"Anakhala mwamtendere ndi eni dziko, amene pambuyo pake anangotha okha"

Ichi ndicho chikhulupiriro chimene chimabisa zambiri. Pangano la Plymouth ndi Massasoit linagwira ntchito zaka pafupifupi 50, zimenezo n'zoona. Koma mu Meyi 1637 asilikali a Chingerezi, mothandizidwa ndi a Mohegan ndi a Narragansett, anazinga linga la a Pequot ku Mystic m'bandakucha n'kulitentha. Anafa anthu osachepera 400, ambiri a iwo akazi, ana ndi okalamba. Ena mwa ogwidwa anatumizidwa kuzilumba za Caribbean, ndipo sitima ya Desire inabwerako mu 1638 itanyamula anthu a ku Africa. Malamulo omwe aja a 1641, oteteza mkazi kwa mwamuna wankhanza, analolezanso ukapolo wa ogwidwa kunkhondo ndi ogulidwa.

Atsamunda atachuluka, malo a eni dziko ankachepera chaka ndi chaka. Ng'ombe ndi nkhumba zongotayirira zinkadya chimanga chawo, ndipo milandu yake inkaweruzidwa m'makhoti a Angerezi. Mu 1675 khoti la Plymouth linanyonga a Wampanoag atatu pa imfa ya womasulira John Sassamon, ndipo nkhondo inabuka, yotsogozedwa ndi Metacom, mwana wa Massasoit, amene Angerezi ankamutcha King Philip. Matauni ambiri a Angerezi anatenthedwa, eni dziko anafa masauzande. Ngakhale amene anali atalowa Chikhristu anawatsekera pachilumba cha Deer Island m'nyengo yozizira, ndipo ambiri anafera pomwepo. Metacom anaphedwa mu Ogasiti 1676. Mutu wake unazikidwa pamtengo ku Plymouth zaka zoposa 20, mkazi ndi mwana wake anagulitsidwa kukhala akapolo.

Komabe a Wampanoag sanathe. Alipo ku Mashpee ndi ku Aquinnah, ndipo kuyambira 1970 eni dziko amasonkhana ku Plymouth pa tsiku la Thanksgiving kuchita mwambo wa chisoni. Chinenero chawo chinakhala zaka zoposa 100 popanda wochilankhula, mpaka mu 1993 pamene Jessie Little Doe Baird anayamba ntchito yochiukitsa. Zida zake zinali makalata, mawilo ndi zikalata za malo zimene makolo ake analemba m'chinenerocho, komanso Baibulo la 1663, loyamba lathunthu kusindikizidwa ku America. Analimasulira ndi mbusa John Eliot mothandizidwa ndi eni chinenero, mmodzi wa iwo Sassamon yemwe uja. Eliot ankafuna kuti bukulo lisandutse eni dziko kukhala Apuritani. Patatha zaka 330 linathandiza zidzukulu zawo kulankhulanso chinenero cha makolo awo, ndipo lero ana akuchiphunzira.